Botox Imatha Pakapita Nthawi Yaitali Bwanji? Mafunso ndi Mayankho

Nkhani ya jakisoni wochepetsa makwinya, amene ambirife timangoti botox, inafika kale kuno ku Mzuzu. Imamveka m'masaluni a mtauni, m'magulu a WhatsApp okonzekera maukwati, komanso akabwera achemwali a ku Johannesburg pa Khirisimasi chipumi chili see, aliyense n'kumafunsa chinsinsi chake. Anthu amathamangira kufunsa mtengo. Koma mtengo wa ulendo umodzi sukuuzani zambiri ngati simukudziwa kuti pachaka mudzabwererako kangati.

Ndikabayitsa lero, mphamvu yake idzatha liti?

Kwa anthu ambiri, pakapita miyezi 3 kapena 4. Alipo ena amene zimawathera pa miyezi iwiri, ndipo ochepa amafika miyezi 5 kapena 6, koma pokonza bajeti werengerani miyezi 3 mpaka 4.

Tsiku lobayitsalo simuona kusintha kulikonse, kupatula timatuza ting'onoting'ono pamene palowa singano, tomwe timaphwa tsiku lomwelo. Pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachisanu mumayamba kumva kuti kukwinya nkhope kukuvuta. Pofika masabata awiri mankhwala amakhala atagwira mokwanira, ndipo apa m'pamene mungaweruze ngati ntchito yayenda bwino. Mwezi woyamba ndi wachiwiri ndiyo nthawi yokoma. Chakumapeto kwa mwezi wachitatu nsidze zimayamba kugwedezeka pang'ono, kenako makwinya amabwerera mwakachetechete, sabata ndi sabata.

N'chifukwa chake anthu awiri obayitsa tsiku limodzi amatha kutsutsana. Wina amati "yatha" tsiku limene waona nsidze ikusuntha pagalasi. Mnzake amati yatha pokhapokha mzere wa pakati pa maso utabwerera mmene unalili. Pakati pa masiku awiri amenewa pamatha kudutsa mwezi wathunthu.

Kodi mankhwala amenewa ndi chiyani, nanga bwanji sakhala mpaka kalekale?

Botox ndi dzina la malonda la mankhwala a kampani ya Allergan, imene kuyambira mu 2020 ili m'manja mwa AbbVie. M'kabotolomo muli puloteni yopangidwa ndi bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum, yemwe amapezeka m'dothi ndipo amatha kuswana m'zakudya za m'zitini zosakonzedwa bwino. Wodya chakudya choterocho amadwala botulism, matenda oopsa olefula minofu. Tisabise, ameneyu ndi poizoni weniweni, mmodzi mwa amphamvu kwambiri odziwika padziko lapansi. Kungoti wa m'jakisoniyu ndi woyengedwa bwino, ndipo mlingo wake ndi wochepa zedi, wongokwanira timinofu tingapo ta pankhope.

Mnofu sudzikoka wokha. Umadikira uthenga wochokera ku mnyewa, ndipo uthengawo umanyamulidwa ndi kemikolo yotchedwa acetylcholine. Botox ikalowa kunsonga kwa mnyewa imadula puloteni ina, SNAP-25, imene imathandiza kutulutsa acetylcholine. Uthenga sufika, mnofu umangoti phee, khungu la pamwamba pake limaleka kupindika. Komatu mnyewawo sunafe. Pang'ono ndi pang'ono umaphuka timphukira tatsopano tokafika pa mnofu, kenako nsonga yakale ija imachira n'kuyambiranso ntchito. Miyezi 3 kapena 4 ija ndi nthawi imene thupi limatenga pokonza zimenezi. Ndiye zoti mankhwalawa amasukuluka ukamamwa madzi ambiri, kapena amatuluka ndi thukuta, ndi nkhambakamwa chabe.

Poyamba sanali mankhwala a kukongola. Dokotala wa maso wa ku San Francisco, Alan Scott, ndiye anayamba kuwayesa m'zaka za m'ma 1970 pa anthu a maso osayang'ana mbali imodzi, ndipo bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linawavomereza mu 1989. Mu 1987 dokotala wina wa maso ku Vancouver, Jean Carruthers, anaona kuti odwala ake obayidwa chifukwa cha zikope zophethira mosalekeza akusalala pakati pa nsidze. Iye ndi mwamuna wake Alastair, dokotala wa khungu, anaitsatira nkhaniyo. Ku America chilolezo chogwiritsa ntchito mankhwalawa pa makwinya chinadzatuluka mu 2002.

Mnzanga zinamukhalira miyezi 5, ine iwiri ndi theka yokha. Vuto ndi thupi langa?

Mwina, koma musafulumire kuliimba mlandu thupi. Yambani mwafunsa kuti munabayidwa mayunitsi angati.

Botox imayezedwa m'mayunitsi, ndipo mlingo ndiwo umalamula kwambiri kutalika kwa nthawi. Zili ngati mayunitsi a magetsi pa mita: wogula ochepa mdima umam'peza msanga. Mlingo wovomerezeka wa makwinya a pakati pa nsidze ndi mayunitsi 20, ogawidwa malo asanu, anayi pamalo aliwonse. Wina akakubayani 10 kapena 12, nkhope idzasalala ndithu masabata oyambirira, koma pofika mwezi wachiwiri zayamba kubwerera. Pali sitayilo imene ikutchuka pa TikTok yobaya pang'onopang'ono kuti nkhope izitha kusuntha. Si yoipa, ndipo kwa ena ndi imene imaoneka bwino, koma woisankha adziwiretu kuti wasankhanso kubwerera msanga. Kumbali inayi, kuwirikiza mlingo sikuwirikiza miyezi. Pali malire pamene kuwonjezera kumangoumitsa nkhope ndi kukweza mwayi wa zovuta.

Pali chinanso chimene anthu sachiona. Mankhwalawa amabwera ouma, ndipo wobaya amawasungunula ndi madzi amchere a kuchipatala. Kabotolo ka mayunitsi 100 kakhoza kuthiridwa madzi ochepa kapena ambiri. Sirinji yodzaza siitanthauza mankhwala ambiri. Wosakhulupirika akhoza kuchulutsa madzi kuti kabotolo kamodzi kakwanire anthu asanu ndi atatu, inu n'kumayamikira kuti anakubayani malo ambirimbiri. Musafunse kuti "mundibaya kangati". Funsani mayunitsi.

Zikatha izi ndiye tibwere ku thupi. Minofu ya pankhope imasiyana kukula ndi mphamvu. Munthu amene polankhula amakweza nsidze, kukwinya ndi kutsinzina, amafunika mlingo wokulirapo kuposa wa nkhope yodekha. Luso la wobaya nalonso lili ndi gawo lake: singano ikaphonya mnofu wofunikawo, mankhwala abwinobwino amapita pachabe.

Kodi malo onse a pankhope amakhalitsa mofanana?

Ayi. Pakati pa nsidze ndi pamene pamakhala pa miyezi 3 mpaka 4 ija. M'mbali mwa maso, pamene pamachita timizere tikamaseka, mlingo wovomerezeka ndi mayunitsi 24, kutanthauza 12 mbali iliyonse, ndipo nthawi yake siisiyana kwambiri, ngakhale ambiri amaona kuti pamafulumirako chifukwa diso silipuma.

Pachipumi m'povuta. Mnofu umene umapanga mizere yopingasa ndi womwewonso umene umakweza nsidze. Mukaulefula kwambiri, nsidze zimatsika, munthu n'kumaoneka wotopa kapena wokwiya. Wobaya wanzeru amaika mlingo wochepa pamenepa, ndipo zotsatira zake n'zakuti chipumi chimayamba kusuntha malo ena asanayambe. Zikatero sikuti akuberani.

Pamlomo wa m'mwamba amaika tochepa kwambiri, poopa kuti mungalephere kumwa tiyi bwinobwino, ndipo zimatha pa masabata 6 mpaka 8. Pa minofu yotafunira ya m'nsagwada, imene ena amabayitsa chifukwa chokukuta mano usiku kapena pofuna kuchepetsa nkhope, zimatenga masabata angapo kuti zioneke koma zimakhala miyezi 4 mpaka 6. M'khwapa, kwa anthu otuluka thukuta mopitirira muyeso, amabaya mayunitsi 50 mbali iliyonse, ndipo kawirikawiri zimafika miyezi 6 kapena kupitirira.

Ndine bambo. Kodi zimenezi zimasiyana kwa amuna?

Mankhwala ndi omwewo. Minofu ya pachipumi ndi pakati pa nsidze ya amuna ambiri imakhala yokulirapo, choncho mlingo wokwanira mayi ukhoza kutha msanga kwa bambo. Muyembekezere mayunitsi ochulukirapo, ndiponso bilu yokulirapo.

Ndamva za Dysport, Xeomin ndi ena a ku Korea. Wokhalitsa ndi uti?

Onsewa ndi botulinum ya mtundu A, ndipo amagwira ntchito mofanana. Botox, Dysport ndi Xeomin onse amakhala pa miyezi 3 mpaka 4. Ena amati Dysport imayamba kugwira msangako ndi tsiku limodzi kapena awiri, koma kumapeto kwake sikusiyana kwenikweni. Xeomin, ya kampani ya Merz ya ku Germany, ilibe mapuloteni ena owonjezera amene amapezeka mu Botox ndi Dysport. Ku South Korea kumachokera mitundu yambiri, monga Nabota, imene ku America imagulitsidwa ndi dzina la Jeuveau, ndi Botulax. Wosiyanako ndi Daxxify, amene anavomerezedwa ku America mu 2022: pa kafukufuku wake anthu ambiri anafika pafupifupi miyezi 6.

Chenjerani ndi mayunitsi poyerekeza mitengo, chifukwa kampani iliyonse ili ndi muyeso wake. Pakati pa nsidze, pamene Botox imafuna mayunitsi 20, Dysport imafuna 50. Wina akakuuzani kuti yunitsi yake ndi yotchipa ndi theka, mufunseni kuti ndi ya mankhwala ati.

Kodi kuzimazima kwa magetsi kungawononge mankhwalawa?

Funso limeneli ndi lofunika kwambiri kwa ife kuno kuposa kwa munthu wa ku London. Botox ndi puloteni, ndipo kutentha kumaifooketsa. Kabotolo kosatsegula kamayenera kusungidwa mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8. Kakasungunulidwa, malangizo a kampani amati kagwiritsidwe ntchito pasanathe maola 24, kali mufiriji momwemo, ngakhale madokotala ambiri amakasunga kupitirira pamenepo ngati firiji ili yodalirika. Xeomin yosatsegula ndiyo imapirira kunja kwa firiji, bola kutentha kusapitirire madigiri 25.

Tsono taganizirani ulendo wa kabotolo kobwera m'chikwama cha munthu wa geni. Kuchokera ku Johannesburg pa basi ndi masiku awiri kapena kuposa, kuphatikiza maola oima pa maboda dzuwa likuswa mtengo. Kuchokera ku Dar es Salaam kamadutsa pa Songwe n'kutsika ndi Karonga, kumene kutentha kwa Okutobala aliyense amakudziwa. Madzi oundana a m'kachikwama kozizira amakhala atasungunuka kalekale. Kakafika kuno kamalowa mufiriji ya panyumba, pambali pa nyama ndi Fanta, magetsi n'kuzima m'mawa kuyaka usiku. Mankhwala oterewa mwina sangakudwalitseni, koma mphamvu yake simungaidziwe, ndipo ndi amene amabweretsa madandaulo akuti "ine botox siindigwira".

Malo abwino amakhala ndi firiji ya mankhwala okhaokha, yokhala ndi choyezera kuzizira, komanso jenereta kapena sola. Kupempha kuti muione si mwano.

Kuzizira kwa Mzuzu kumathandiza kuti zikhalitse? Nanga ndikapita kunyanja kotentha?

Nyengo imakhudza mankhwala ali m'botolo, osati ali m'thupi. Mkati mwa thupi lanu kutentha ndi komweko, madigiri pafupifupi 37, kaya muli m'chifunga cha Juni ku Katoto kapena pamchenga ku Nkhata Bay. Akangolowa mu mnyewa, dzuwa silingawatulutse.

Dzuwa limagwira ntchito yake mwanjira ina. Limakalambitsa khungu lenilenilo, ndipo limakutsinzinitsani tsiku lonse. Mzuzu ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo kamphepo kozizira kamatinamiza kuti dzuwa silikuwotcha, chonsecho pamalo okwera cheza chake chimakhala champhamvu. Khungu lakuda lili ndi chitetezo chachibadwa, n'chifukwa chake ambirife timizere ting'onoting'ono timachedwa kutipeza poyerekeza ndi azungu, koma chipewa, magalasi a dzuwa ndi mafuta oteteza ku dzuwa zimathandizabe.

Ndimapita ku jimu pafupifupi tsiku lililonse. Zindithera msanga?

Zikhoza kutero. Obaya ambiri amaona kuti othamanga mitunda italiitali ndi onyamula zitsulo kwambiri amabwerera msangako, ndipo kafukufuku wochepa amene wachitika akuloza komweko.  Kuyenda pansi kupita kumsika kapena kukwera zitunda za ku Masasa sikuwerengedwa. Ndipo kusiya masewera olimbitsa thupi pofuna kusunga chipumi chosalala ndi malonda oluza. Pumulani tsiku lobayitsalo basi, mawa lake pitirizani.

Akuti ulendo woyamba zimatha msanga. Ndi zoona?

Kwa ambiri zimaoneka choncho. Wobaya wosamala amayamba ndi mlingo wochepa pa munthu amene sakumudziwa, kuti aone mmene nkhope yake ikuyankhira. Mnofu nawonso umakhala udakali ndi mphamvu zake zonse. Munthu akamabwereza kwa chaka kapena ziwiri, mnofu wosagwira ntchitowo umachepa pang'ono, komanso chizolowezi chokwinya nkhope chimazirala. Ena amafika pomabayitsa kawiri pachaka m'malo mwa katatu kapena kanayi. Si lonjezo kwa aliyense, koma zimachitika.

Ndikangoona kuti zayamba kutha, ndingabwereze pompo?

Dikirani. Malangizo a opanga mankhwalawa amati pasakhale kubwereza pasanathe miyezi 3. Chifukwa chake ndi chitetezo cha m'thupi. Botox ndi puloteni yachilendo, ndipo thupi likamakumana nayo pafupipafupi, makamaka pa mlingo waukulu, limatha kupanga asilikali oigwira isanafike pa mnyewa. Zikafika pamenepo mankhwala amayamba kukhala masabata ochepa, kenako osagwiranso n'komwe, ndipo kusintha kampani nthawi zambiri sikuthandiza popeza onse ndi a mtundu umodzi. Pa milingo ya kukongola izi sizichitikachitika. Zimaoneka kwambiri kwa odwala amene amalandira mayunitsi mazanamazana chifukwa cha matenda a minofu. Komabe munthu wobayitsa apa mwezi uno, apo mwezi wamawa, kwa anthu osiyanasiyana ndi mankhwala osadziwika kochokera, akudziitanira yekha vutoli.

Kukonza pang'ono pa masabata awiri, monga nsidze imodzi ikakwera kuposa inzake, n'kololedwa. Ndi mayunitsi awiri kapena anayi, osati kuyambiranso.

Pali chimene ndingachite kuti zikhalitse?

Zoona zake n'zakuti zambiri zimakhala zitagamulidwa musanadzuke pampando: mankhwala enieni, osungidwa bwino, mlingo wokwanira, pamalo oyenera. Zimene mumauzidwa pochoka, zoti musatikite pamalopo, musagone kwa maola anayi, musachite masewera olimba kapena kufukiza nkhope ndi nthunzi tsiku limenelo, cholinga chake chachikulu n'chakuti mankhwala asasunthire ku mnofu wolakwika. Zitsatireni, koma sizikuwonjezerani mwezi.

Mudzamva za mapiritsi a zinc. Maziko ake alipo, chifukwa poizoniyu amadalira zinc kuti agwire ntchito, ndipo kafukufuku wina wamng'ono wa mu 2012 anapeza kuti anathandiza. Umboni wake ndi wochepa moti sindingakuuzeni kuti muwonongerepo ndalama. Kusiya fodya ndiko kumathandiza khungu moonekeratu.

Mawu amodzi kwa odzola mafuta oyeretsa khungu, amene ali mbwee m'misika yathu. Ambiri mwa mafutawa muli mankhwala amphamvu monga clobetasol, betamethasone kapena hydroquinone. Akadzoledwa nthawi yaitali, a mtundu wa clobetasol ndi betamethasone amapyapyalitsa khungu, timitsempha n'kumaonekera, ndipo khungu lotero limachita mikwingwirima msanga likalasidwa singano. Botox imagwira mnofu, siingabwezeretse khungu lowonongeka. Muuzeni wobayayo zimene mumadzola, ngakhale zikuchititseni manyazi.

Papita masabata awiri koma mzere wa pakati pa nsidze ukuonekabe. Andipusitsa?

Imani pagalasi muyese kukwinya nkhope mwamphamvu. Ngati nsidze zikukana kuyandikana, mankhwala agwira. Mzere umene watsalawo ndi wozama, wolembeka pakhungu chifukwa cha zaka zambiri za kupindika pamalo amodzi. Botox imachotsa makwinya obwera nkhope ikamasuntha. Okhalapo ngakhale muli mtulo imangowafewetsa, ndipo amazirala pang'onopang'ono mukamabwereza.

Ena amasokoneza botox ndi mafila. Mafila ndi mankhwala okhuthala odzazira malo olowa, ambiri opangidwa ndi hyaluronic acid, ndipo amakhala miyezi 6 mpaka chaka ndi theka. Ndi ntchito ina, yokhala ndi zoopsa zakezake, makamaka pakati pa nsidze pomwepo pamene pamadutsa mitsempha ya magazi yolumikizana ndi diso.

Koma ngati mukukwinya bwinobwino monga kale, ndiye kuti mlingo unali wochepa, mankhwala anali ofooka, kapena sanali botox n'komwe.

Ukwati wa mwana wanga uli mu Okutobala. Ndibayitse liti?

Masabata atatu kapena anayi tsikulo lisanafike, mayi. Mankhwala amakhala atagwira mokwanira, mikwingwirima ngati inalipo yatha, ndipo mpata wokonza mbali yopendekeka ulipo. Kubayitsa Lachitatu ukwati uli Loweruka n'kutaya ndalama: pa zithunzi makwinya adzaonekabe, mwinanso ndi kachipsera ka singano. Ngati ndi ulendo wanu woyamba, yesani miyezi 4 kapena 5 m'mbuyo, muone mmene nkhope yanu ikuchitira, kenako mubwereze nthawi ikayandikira. Tsiku la perekaniperekani si loyesera zinthu zatsopano.

Ngati wokubayani ali ku Lilongwe, kumbukirani kuti ndi makilomita oposa 350, ndipo kukaonedwanso pa masabata awiri ndi ulendo wachiwiri. Pobwerera tsiku lomwelo, tulo ta m'basi tisakugonetseni chipumi pa mpando wakutsogolo kapena pawindo, makamaka maola oyambirirawo. Mukamafika ku Chikangawa ngoziyo yadutsa.

Ndikadzasiya, nkhope siidzaipa kuposa kale?

Ayi. Minofu imabwerera mwakale, makwinya amabwerera mmene analili, kuphatikiza zaka zimene zadutsapo. Chimene chimachitika n'chakuti diso limazolowera nkhope yosalala, ndiye yakale ija ikabwerera imaoneka yachilendo.

Chikope chagwa mbali imodzi. Pali mankhwala ochotsera botox?

Palibe. Mafila a hyaluronic acid amatha kusungunulidwa ndi jakisoni wina, koma botox ikalowa mu mnyewa palibe choitulutsa. Chikope chimagwa mankhwala akasefukira ku kamnofu kokweza chikope, ndipo zimaoneka pakati pa masiku angapo ndi masabata awiri. Mwayi wake ndi wakuti kamnofuko kamalandira tochepa, choncho kawirikawiri zimatha pa masabata awiri mpaka 6, chipumi chidakali chosalala. Dokotala akhoza kukulemberani mankhwala odontheza m'maso, monga apraclonidine, amene amakweza chikope pang'ono kwa maola angapo.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira nazo: kuvutika kumeza, kupuma mobanika, mawu kusintha kapena kulankhula molobodoka, kuona zinthu ziwiriziwiri, thupi lonse kufooka. Zikhoza kuyamba patangopita maola kapena patapita masabata. Zimasonyeza kuti poizoni wafalikira kutali ndi pamene anabaya, ndipo kuyambira mu 2009 FDA inalamula kuti chenjezo limeneli lizilembedwa pa mankhwala onse a mtunduwu. Pa mlingo woyenera wa mankhwala enieni n'zosowa kwambiri. Zikachitika thamangirani ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chachikulu chimene muli nacho pafupi, ndipo mukanene mosabisa chimene munabayitsa, tsiku lake ndi malo ake. Dokotala wosauzidwa akhoza kutaya nthawi akufufuza sitiroko kapena malungo.

Ndani sayenera kubayitsa?

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa adikire. Odwala matenda ofooketsa minofu, monga myasthenia gravis, asayerekeze. Pamalo pamene pali chilonda, chithupsa kapena ziphuphu zotukusira pasabayidwe mpaka patapola. Amene thupi lawo linadana nawo mankhwalawa ulendo wina asabwereze.

Nenaninso mankhwala onse amene mukulandira. Gentamicin, jakisoni wodziwika m'zipatala zathu, ali m'gulu la mankhwala amene amawonjezera mphamvu ya botulinum, ndipo kuwonjezera kumeneku si kokoma. Aspirin, ibuprofen ndi mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi sasintha nthawi, koma amachulutsa mikwingwirima. Ngati munapatsidwa ndi dokotala musawasiye panokha.

Pa Facebook pali wina akubaya kunyumba kwake motchipa. Ndipite?

Ine ndingakuletseni. Awa ndi mankhwala olembedwa ndi dokotala, ndipo wobaya ayenera kukhala wachipatala wophunzitsidwa ntchitoyi, wodziwa pamene pali mnofu uliwonse wa pankhope. M'dziko muno madokotala amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, anamwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo mankhwala olowa ndi kugulitsidwa amayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Satifiketi ya maphunziro a masiku awiri a pa intaneti si chiphaso.

Mankhwala achinyengo alipo, ngakhale kumayiko okhwima malamulo. Mu 2024 bungwe la CDC, loona za matenda ku America, linafufuza za amayi a m'zigawo zingapo amene anadwala, ena mpaka kugonekedwa m'chipatala, atabayidwa botox yabodza kapena yosasungidwa bwino m'nyumba ndi m'malo okongoletsera anthu. Vuto la yabodza n'lakuti palibe akudziwa zimene zili mkatimo. Kabotolo kena kangakhale kopanda kanthu, kena kokhala ndi mlingo woposa wolembedwa pachikutopo.

Pemphani kuona bokosi lisanatsegulidwe, dzina la mankhwala, nambala ya gulu lake ndi tsiku lotha ntchito. Kabotolo ka Botox yeniyeni kamaoneka ngati mulibe kanthu, mumangokhala kautoto kopyapyala pansi pake. Wina akatulukira kuchipinda ndi sirinji yodzaza kale, osafuna kukuonetsani kumene yachokera, nyamukani.

Ndiye pachaka ndikonzekere zingati?

Tengani mtengo wa ulendo umodzi muchulukitse katatu kapena kanayi, muwonjezere thiransipoti ndi malo ogona ngati mukupita kutali. Mankhwalawa amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, choncho mtengo wake umatsata kwacha. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yense woitanitsa kunja anakwera, ndipo botox siingakhale yosiyana. Mtengo wotsika modabwitsa uli ndi chifukwa chake, ndipo kawirikawiri chifukwacho ndi madzi ochuluka, mayunitsi ochepa kapena kabotolo kokayikitsa. Wolipira theka n'kumabwerera miyezi iwiri iliyonse amawononga zofanana ndi mnzake, n'kuwonjezapo chiopsezo cha asilikali a m'thupi aja.

Palibe lamulo loti muzibwereza mosadumphitsa. Ena amabayitsa kamodzi pachaka, nyengo ya maukwati ikamayandikira, miyezi inayo n'kumakhala ndi nkhope yawo ya masiku onse. Thupi silivutika nazo.

Ndingadziwe bwanji nthawi yeniyeni ya thupi langa?

Lembani. Tsiku lobayitsa, dzina la mankhwala, nambala ya pabokosi, mayunitsi a pamalo aliwonse. Jambulani nkhope ndi foni musanabayidwe, muli phee komanso mutakwinya, kenako pa masabata awiri, ndiyeno kamodzi pamwezi, pamalo omwewo ndi kuwala komweko. Pakatha maulendo awiri kapena atatu mudzakhala mukudziwa ngati ndinu wa miyezi 3 kapena 5, ndipo ulendo wina zikadzatha pa masabata 6 mudzakhala ndi poyambira pofunsa wobayayo chimene chasintha.